ZA MUDZI WA OBERAMMERGAU NDI COWINDA CACE

Mwezi uno phunziro lathu lititengera kutali, ku mapiri akuru a pakati pa Ulaya ochedwa Alps. Tifuna kuona umo anthu a mudzi umodzi wa kumeneko akhalira ndi luso lao la kusema, la kulemba zithunzi pa makoma, la kuyimba ndi la kusewera, ndi umo luso limeneli linamangidwira pa cowinda cimene makolo ao anawinda m'caka ca 1633. Dzina la mudziwo ndilo Oberammergau. Livuta pa lilime lathu, koma tanthauzo lace nlapafupi, ndilo dera la kumtunda la mtsinje wa Ammer.

Mudzi umenewu uli m'cigawo ca Bavaria, kumwera kwa dziko la Germany, pafupi ndi malire a Austria, ndipo anthu ace apitirira 5,000 pang'ono. Pamwamba pace paima phiri losongoka lochedwa Kofel, la mamita 1,342, liri ndi mtanda pansonga. Cakumwera kwace kuli Zugspitze, phiri lalitali koposa onse a m'Germany, la mamita 2,962. Inu amene mudziwa Mulanje mudzazizwa pakumva kuti nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002, iposa phirilo pang'ono. Koma kuzizira kwa kumeneko nkwina. Miyezi yambiri ya caka nthaka ikhala yokwiririka ndi cipale cofewa, coyera ngati ufa, ndipo munthu sangathe kulima kapena kudyetsa ng'ombe kubusa. Pa nyengo yofunda ng'ombe zikwera kumapiri ndi mabelu m'khosi, anthu namweta udzu, nauyanika, nausunga m'nkhokwe zace. Pofika nyengo yozizira ng'ombe zitsekeredwa m'khola ndi kudya udzu woumawo kufikira dzuwa litabweranso.

Tsono taganizani za munthu wa m'zaka zakale m'dziko lotere. Munda wace subala tirigu wokwanira banja lace, masiku ngafupi, usiku ngwautali, ndipo kunja kulibe nchito. Cimene ali naco cocuruka ndi mitengo ndi nthawi. Umu ndimo munabadwira luso la kusema. Kunalinso zinthu ziwiri zomthandiza. Coyamba, njira ya amalonda yocokera ku Venice kunka ku Augsburg inali kupyola pamudzipo. Caciwiri, m'caka ca 1330 Mfumu Ludwig wa ku Bavaria anamanga nyumba ya amonke pa Ettal, ulendo wa ora limodzi pansi kucokera pamudzi, ndipo anthu ambiri anali kudza kudzapemphera komweko, nafuna kanthu kopita nako kwao. Anthu a ku Oberammergau anayamba kuwasemera timitanda ndi tizifanizo ta anthu oyera mtima. Wolemba wina wa zaka za m'ma 1500 anasimba kuti amisiriwo anali okhoza kusema masautso a Ambuye m'kati mwa cikhokhombe ca kambeu konga mtedza, ndipo m'caka ca 1563 mkuru wa amonke a pa Ettal anawapatsa malamulo a nchito yao, monga gulu la amisiri odziwika.

Posakhalitsa zosemazo zinacuruka koposa ogula a pafupi. Pamenepo anthu ena anapanga zonyamulira za matabwa zobereka kumsana, dzina lace Kraxe, napacikapo mitanda, zidole za ana ndi zithunzi zolembedwa kuseri kwa galasi, nayenda pansi maiko ambiri kukagulitsa. Mabanja ena anafika potsegula nyumba za malonda kutali, monga ku Copenhagen ndi ku St Petersburg. Mwa ici mudzi wa kumapiri, umene munthu angauyese wobisika, unadziwa za dziko lapansi koposa midzi yambiri ya kucigwa. Ndipo sunali wokha m'macitidwe awa, pakuti pa Mittenwald, mudzi wina wa m'mapiri omwewo, Matthias Klotz anayamba kupanga mavayolini cakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, ndipo nchitoyo ikalipobe komweko kufikira lero.

Munthu wolowa m'mudzimo aona coyamba makoma a nyumba, pakuti ambiri ali ndi zithunzi kunja kwace. Mmisiri amata njereza pakhoma, nalemba ndi utoto njerezayo isanaume, kotero kuti utoto ulowa m'kati ndi kuuma pamodzi ndi khoma. Cifukwa cace mvula ndi cisanu sizifafaniza msanga. Nchito iyi ifuna dzanja lofulumira losakayika, popeza polakwa sipakonzeka koma kugumula ndi kumatanso. Wochuka pa luso limeneli anali Franz Seraph Zwinck, amene anabadwa m'1748 namwalira m'1792. Iye analemba pa nyumba ina nsanamira ndi makwerero zooneka ngati zenizeni, ndi Yesu alikuima pamaso pa Pilato. Anthu aicha Nyumba ya Pilato kufikira tsopano. Tione apa kuti anthuwa sanasunge zokoma zao m'nyumba za mafumu zokha, koma anaziika pamseu, poti mwana wopita kusukulu ndi mkazi wopita kukagula mkate azione masiku onse.

Tifike tsono pa cowindaco.

Kuyambira 1618 kufikira 1648 m'Germany munali nkhondo yoopsa ya zaka 30, imene inayamba pa kusiyana kwa Akatolika ndi Aprotestanti, ndipo kumbuyo kwa asilikari kunali kutsata njala ndi mliri. Midzi yozungulira itayamba kufa, anthu a ku Oberammergau anaika alonda pa njira kuti mlendo asalowe. Mbiri ya pamudzi isimba kuti munthu wina dzina lace Kaspar Schisler, mwini mudzi yemwe, amene anali kugwira ganyu pa Eschenlohe, analakalaka kuona mkazi wace ndi ana ace pa cikondwerero ca chalichi cao, nazemba alonda usiku, nalowa, ali ndi nthenda m'thupi. Anafa iye, ndipo pambuyo pace anafa anthu oposa 80 m'mudzi waung'ono. Tisafulumire kumweruza munthu uyu. Ndani mwa ife sakadafuna kuona ana ace? Pamenepo, m'caka ca 1633, akuru a mudzi anasonkhana nawinda pamaso pa Mulungu kuti adzaonetsa masautso, imfa ndi kuuka kwa Yesu Kristu m'sewero kamodzi pa zaka 10 ziri zonse. Eni mudzi anena kuti kuyambira tsikulo sanafenso munthu ndi mliriwo. Pa Pentekoste wa 1634 anacita sewero loyamba, pa nsanja yomangidwa kumanda, pambali pa mitumbira yatsopano ya abale ao.

Masewero otere sanali acilendo masiku amenewo. Midzi yambiri ya ku Bavaria ndi ku Tirol inali nao. Cozizwitsa ncakuti uwu sunaleke. Kuyambira 1680 anaika seweroli pa zaka zotsiriza ndi 0. M'1770 boma la Bavaria linaletsa masewero onse a masautso a Ambuye, ponena kuti zinthu zopatulika siziyenera pa bwalo la masewero, ndipo caka cimeneco Oberammergau sanasewere. Koma anadandaula kosaleka kufikira analoledwa m'1780. Analetsedwanso m'1810, nalolezedwa m'1811 atalemba mau atsopano. Nkhondo ya France ndi Germany inadula sewero la 1870 pakati, ndipo analitsiriza m'1871. La 1920 linacedwa kufikira 1922 cifukwa amuna ambiri anafa kapena kupunduka pa nkhondo yaikuru yoyamba. La 1940 silinacitike konse.

Mau a sewerolo anasinthika kangapo, ndipo ici ticisunge m'mtima, pakuti tidzacifuna kutsogoloku. M'1750 Ferdinand Rosner, mmonke wa pa Ettal, analemba mau a ndakatulo momwe munali Satana ndi ziwanda zace zooneka ndi maso pabwalo. M'1811 Othmar Weis, mmonke winanso, anacotsa ziwandazo, nalemba mau apafupi otsata Mauthenga Abwino. Nyimbo zace anapeka Rochus Dedler, mphunzitsi wa sukulu ya pamudzi pomwepo, amene anabadwa m'1779 namwalira m'1822. Ndipo nyimbo za mphunzitsi ameneyu, zokonzedwa ndi kuonjezedwa, ziyimbidwabe lero. Pambuyo pace wansembe wa mudziwo, Joseph Alois Daisenberger, anakonzanso mau a sewero la 1860, ndipo mau acewo anakhala zaka zoposa 100 osasinthika kweni kweni.

Macitidwe ace ngotere. Palibe munthu wa kunja aitanidwa kudzasewera, ngakhale akhale katswiri wotani. Wololedwa ndiye wobadwira pamudzipo, kapena wokhalapo zaka 20. Anthu okwana ngati 2,000 agwirapo nchito, ena kusewera, ena kuyimba, ena kuomba zoyimbira, ena kusoka zobvala, ena kusema ndi kupaka utoto. Muli makanda obereka ndi nkhalamba zoyenda ndi ndodo, mulinso buru, akavalo, nkhosa ndi nkhunda. Pa Lacitatu la Phulusa la caka cotsogolera sewero lituruka lamulo lakuti osewera aleke kumeta tsitsi ndi ndebvu, koma iwo okha akusewera Aroma; motero caka cathunthu wogulitsa m'sitolo, woyendetsa galimoto ndi mwana wa sukulu ayenda m'mseu ndi nkhope za anthu a ku Yerusalemu. Malo akuru, monga a Yesu, Mariya, Petro, Yudase, Kayafa ndi Pilato, apatsidwa kwa anthu awiri awiri olandizana, popeza sewero licitika masiku asanu pa sabata kuyambira May kufikira kuciyambi kwa October. Anton Lang, amene anasewera Yesu m'1900, 1910 ndi 1922, anali woumba mbiya. Alois Lang, wa m'1930 ndi 1934, anali wosema.

Sewerolo litenga maora ngati asanu, ndi kupuma pakati kuti anthu akadye. Oonera, oposa 4,000 pa tsiku limodzi, akhala pansi pa denga, koma nsanja ya osewera iri poyera, ndipo kumbuyo kwace kuoneka thambo ndi mapiri. Liyamba ndi kulowa kwa Yesu m'Yerusalemu, pamene khamu la anthu mazana mazana lidzaza bwalo lonse. Pakati pa zigawo zace pali cinthu cimene tiyesa cokoma koposa, ndico zithunzi zamoyo. Nsaru itseguka, ndipo muoneka anthu ataima duu, osagwedezeka ngakhale cala, alikufanizira nkhani ya m'Cipangano Cakale, oyimba nalongosola tanthauzo lace. M'mau a Daisenberger, Yudase asanalandire ndalama zace anthu anali kuona Yosefe alikugulitsidwa ndi abale ace. Usanafike mtanda anali kuona Mose alikukweza njoka yamkuwa m'cipululu. Apa mpamene luso la wosema ndi luso la wosewera zikomana, pakuti mwana wa mudzi wa osema adziwa kuima monga cifanizo. Mphunzitsi ali yense wa Mau adzazindikira nzeru yace: munthu wosadziwa kuwerenga aphunzira Zipangano zonse ziwiri ndi maso ace tsiku limodzi.

Mbiri ya mudzi inabuka. M'1871 Mfumu Ludwig II anaonera sewerolo, nakondwa kotero kuti anapatsa mudzi cifanizo cacikuru ca mwala ca Yesu pamtanda, cimene cinaimikidwa pa citunda m'1875. Ndipo kufikira lero anthu asonkha moto pa Kofel usiku wa 24 August kukumbukira kubadwa kwa mfumuyo. Kuyambira 1880 kampani ya Thomas Cook inayamba kubwera ndi alendo ambiri a ku England, njanje nayonso inafika, ndipo m'2010 oonera anakwana ngati 500,000. Pamodzi ndi alendo zinadza ndalama, ndipo pamodzi ndi ndalama linadza funso limene anthu afunsa kufikira tsopano: kodi ici cikali cowinda, kapena casanduka malonda? Ife tiyesa kuti ziwirizi zakhala m'nyumba imodzi kuyambira masiku a osema timitanda, ndipo sitidzanama kuti nzosiyanitsika bwino. Koma munthu wosunga ndebvu caka cathunthu, nasiya nchito yace miyezi isanu kuti akaime m'khamu losachulidwa maina, sacita ici cifukwa ca malipiro okha.

Pali kanthu kena kolemera koposa ndalama, ndipo sitingathe kukalumpha. Masewero a masautso a Ambuye m'Ulaya anali ndi cizolowezi coipa ca kuonetsa Ayuda onse monga akupha Yesu. M'sewero la Oberammergau la zaka zakale ansembe a Ayuda anabvekedwa zisoti zokhala ngati nyanga, amalonda a m'Kacisi anaoneka anthu aumbombo ofuna kubwezera cilango, khamu linapfuula mau a pa Mateyu 27:25 monga temberero la mtundu wonse, ndipo Pilato anaoneka munthu waulemu wokakamizidwa cabe. Yesu ndi ophunzira ace sanaoneke ngati Ayuda konse. M'1934, pokumbukira zaka 300 za sewerolo, Adolf Hitler anadza kudzaonera, ndipo pambuyo pace analiyamikira cifukwa linaonetsa Ayuda monga iye anafuna kuti anthu awaone. Ambiri a osewera a masiku amenewo analowa cipani cace. Zaka zowerengeka zitapita, boma lace linapha Ayuda okwana ngati 6,000,000.

Taonani tsono, abale, kubvuta kwa mlanduwu. Sewero limene linayamba kumanda monga pemphero la anthu ofuna moyo, linakondweretsa munthu wakupha mitundu. Ndipo nkhondo itatha, m'1950 ndi m'1960, mudzi unabwereza mau omwewo, kusintha pang'ono pokha. M'1965 msonkhano waukuru wa Mpingo wa Katolika pa Vatican unanena poyera kuti imfa ya Yesu siyenera kuikidwa pa Ayuda onse a nthawi ija kapena pa Ayuda a lero. Mabungwe a Ayuda a ku America anapempha kuti mau akonzedwe, ndipo m'1970, poona kuti mudzi ulikuumirira, anauza anthu kuti asapiteko. Pamudzi panabuka kutsutsana kowawa, kogawa mabanja. Ena anati, Tinalandira mau awa kwa makolo, tiribe mphamvu ya kuwasintha. Ena anati, Makolo anawinda kuonetsa masautso a Ambuye, sanawinde kusunga mau a Daisenberger. Ndipo kodi Weis sanacotse ziwanda za Rosner? Ife tiima ndi aciwiriwa, pakuti mbiri ya mudzi womwewo iwacitira umboni.

Kusintha kunadza ndi mnyamata wa pamudzipo, Christian Stückl, wobadwa m'1961, amene anaphunzira kusema asanalowe nchito ya masewero. Anasankhidwa kutsogolera sewero la 1990 asanakwane zaka 30, natsogoleranso la 2000, la 2010 ndi la 2022, ndipo pa zoyambazo anagwira nchito ya kukonza mau pamodzi ndi Otto Huber. Iwo anacotsa zisoti za nyanga, ndipo m'2000 anacotsa mau a temberero aja. Yesu anayamba kuchedwa Rabi ndi kupemphera m'Cihebri; pa Mgonero panaikidwa coikapo nyali ca Ayuda; m'2010 Yesu anakweza mpukutu wa Cilamulo m'Kacisi, khamu lonse niliyimba cibvomerezo ca Israyeli. Khamu la pamaso pa Pilato linagawika, ena ofuna kuti Yesu afe, ena omkanira. Ndipo Pilato anaoneka monga olemba mbiri akale amsimba, kazembe wouma mtima wa ufumu wa Roma. Osewera malo akuru anayamba kupita ku Israel sewero lisanayambe, kukaona dziko ndi kukamba ndi Ayuda. Ena anena kuti zikalipo zofunika kukonza, koma m'2021 Stückl analandira mendulo ya Buber-Rosenzweig, yopatsidwa kwa anthu oyanjanitsa Akristu ndi Ayuda.

Khomo linatsegukanso kwa eni mudzi amene anali kunja. Kufikira 1990 mkazi wokwatiwa, kapena wopitirira zaka 35, sanali kuloledwa kusewera. Akazi ena anapita ku bwalo la milandu, napambana. Pambuyo pace Aprotestanti analandira malo akuru, ndipo Asilamu obadwira pamudzipo analowa nao. M'2022 mmodzi wa anyamata awiri osewera Yudase anali Cengiz Görür, Msilamu, ndipo wothandiza wa Stückl pa kutsogolera anali Abdullah Karaca, Msilamu yemwe. Akuru ena anang'ung'udza. Koma makolo a anyamatawa anadza kucokera ku Turkey, anyamatawo nakulira patsinde pa Kofel, ndipo lamulo linena za wobadwira pamudzi kapena wokhalapo zaka 20.

Sewero la 2020 linali litakonzeka, tsitsi litakula, zobvala zitasokedwa, pamene mliri wa Covid-19 unafika m'Ulaya. M'mwezi wa March, patatsala miyezi iwiri, mudzi umene unawinda cifukwa ca mliri unakakamizidwa ndi mliri wina kucedwetsa cowinda cace zaka ziwiri. Ambiri anameta. Pa Lacitatu la Phulusa la 2021 lamulo la tsitsi linaturukanso, ndipo pa 14 May 2022 sewero la 42 linayamba, Frederik Mayet ndi Rochus Rückel alikulandizana malo a Yesu. Linatha pa 2 October, atasewera ka 110. Lotsatira liyembekezeka m'2030, ndipo mwambo ukasungika monga kale, malumo a ku Oberammergau adzaikidwa pambali pa Lacitatu la Phulusa la 2029.